Gulo, Nambola ndi Maungu a Apongozi

Padangokhala. Inu muzivomera kuti tili tonse, ine ndiziyala nkhani.

Kalelo, abuluzi akadakwatira kwa mbalame popanda wodabwa, kudali mnyamata wina dzina lake Gulo. Iyeyu adakwatira Mawanga, mwana wa a Nkhanga, nakakhala chikamwini kumudzi kwa mkazi wakeyo. Gulo adali ndi pakamwa pozuna ndi mutu wothamanga, koma khasu linkamulemera ngati mwala.

Apongozi ake, a Nkhanga, adali ndi dimba la maungu kuseri kwa nyumba, ndipo ankalikonda kuposa chilichonse. Nthanga zake adachita kusiyiridwa ndi amayi awo. Maungu ake adali aufa, okoma kuposa mbatata, ndipo mudzi wonse unkawadziwa. Chaka chimenecho kunkabwera chinamwali cha adzukulu awo, choncho a Nkhanga adadzala nthanga zonse, osasiyako ngakhale imodzi m'chikho, kuti alendo adzadye mpaka kukana okha.

Mwamwambo, mpongozi ndi mkamwini sankayankhulana maso ndi maso. Mawu ankadzera mwa Mawanga, ngakhale onse ali pabwalo limodzi.

"Mawanga," adatero a Nkhanga, "uwauze amuna akowo kuti dimba ndalisiya m'manja mwawo. Azithirira, azipalira, aziingitsa akuba."

Gulo adayankhira kuseri kwa nkhokwe. "Uwauze amayi kuti ndamva. Ngakhale ntchentche siteramo."

Kuthirira ankathirira, kupalira ankapalira mokakamizika. Koma zoingitsa akuba zidamutopetsa. Akathamangitsa Mbewa uku, Pusi walowera uko. Akabwerera kwa Pusi, Mbewa wabwereranso. Nthawi yoothera dzuwa, imene Gulo ankaikonda kwambiri, idasoweratu.

Tsiku lina masana kudamveka kulira kwa ziiii, ndipo pampanda padatera mlendo. Adali wofiira thupi lonse, wamadontho akuda kumsana, mapiko onyezimira. Mbewa atangomuona adataya chimene adanyamula, liwiro! Pusi naye adalumphira kunja osacheuka.

"Odi kuno!" adatero mlendoyo.

"Odini," adayankha Gulo, atabwerera m'mbuyo pang'ono. "Kodi ndinu a Mavu?"

"Maso muli nawo. Ndine Nambola, kapitawo wa asilikali a mfumu ya Mavu. Nkhondo zanditopetsa, ndikufuna ntchito yofatsa. Mukufuna mlonda?"

"Mlonda! Nanga muzidya chiyani?"

"Za kudya musade nazo nkhawa. Mungondilola ndizipumira patsinde pa dzungu lililonse, pamthunzi."

Gulo adalumpha ndi chimwemwe mpaka kutsala pang'ono kuthyola mchira. Tsiku lomwelo adakwera pamtengo, nayala mimba padzuwa. Nambola ankauluka kuchoka patsinde ili kupita patsinde ilo, kutera pang'ono, kunyamuka, kuteranso pena. Wakuba sadapondemonso m'dimbamo. A Nkhanga adamukonda mlondayo mpaka kumamutcha mwana wawo, ndipo ankamusiyira maluwa a chiluwe kuti azimwa timadzi take.

Maungu adayanga, adachita maluwa, timaungu tidayamba kuoneka. Kenaka mmera umodzi udafota dzuwa lili paliwombo, masamba onse lende. Gulo adauthira madzi. M'mawa udadzuka, masana udagwanso. Wachiwiri udatsatira, wachitatunso. Woyamba uja sudadzukenso.

A Nkhanga adakuwa mudzi wonse kumva. "Mawanga! Uwafunse amuna akowo! Madzi amathira m'dimba kapena pamimba pawo?"

"Uwauze amayi apise chala m'dothimo. Ndi lonyowa!"

"Ndiye kuti ali ndi manja otentha! Andiphera mbewu ya amayi anga!"

Nkhani idafika kwa a Nkhwali, mlongo wa a Nkhanga, amene adali mwinimbumba. A Nkhwali sadali munthu wokonda milandu, ndipo tsikulo adali ataitanidwa kumowa. Adaweruza ali chiimire.

"Mkamwini, nkhani ndi yaifupi. Maungu akachira, ndiwe wathu. Akatha, upinde mphasa yako ubwerere kwanu. Mawanga atsala, ndi wa mbumba yanga. Ndapita ine."

Mawanga adalira. Gulo sadakwerenso pamtengo. Adalowa m'dimba, nagona chafufumimba pansi pa masamba, nayamba kuyang'ana tsinde ndi tsinde. Pa tsinde la mmera wofota adaona kabowo, ndipo pakabowopo pankatuluka tinthu tonyowa tonga gaga. Pa matsinde ena adaona timadontho tofiirira, tating'ono ngati nthanga za mpiru, titamatirira chimodzichimodzi.

Ali chigonere choncho, Nambola adatera pafupi, osamuona. Adaika kamwa pakabowo paja, nang'ung'udza kanyimbo. Ndipo m'kati mwa tsindemo mudayankha mawu! Adali mawu aang'ono, a ana okhuta. Mmodzi ankatsogolera, anzake m'matsinde ena nkumavomera. Nyimboyo inkanyadira kuti iwo amadya nyumba imene amagonamo, denga ndi khoma lomwe, ndipo palibe angawatulutse chifukwa mlonda wapakhomo ndi mayi wawo. Pothera pake ankamveka ngati anthu otafuna chimanga chokazinga.

Gulo adathamangira kwa mkazi wake, mpweya uli m'mwamba.

"Mawanga! Mbava zili m'kati mwa maungu! Ndi ana a Nambola! Timadontho tija ndi mazira ake, akaswa amaboola tsinde nkulowa!"

"Tiyeni tikawauze amayi!"

"Akhulupirira ndani, ine kapena mwana wawo uja? Ndipo ukamunena kapitawo wa Mavu kuti ndi mbava, mawa mudzi uno udzaza asilikali. Tonse titupa ngati zikho."

"Nanga titani?"

"Bweretsa makungwa a nthochi. Ochuluka."

M'mawa mwake Gulo adayamba ndi matsinde amene adali asadabooledwe. Ankapukuta timazira tija ndi chala, nkukulunga tsinde ndi khungwa la nthochi, nkukwirira m'munsi mwake ndi dothi. Nambola adamupeza ali jijirijijiri.

"A Gulo, mukuchita chiyani?"

"Ndikuveka maungu, a kapitawo. Kwathu ndi mwano kuti mkamwini aziona miyendo ya maungu a apongozi ake ili pamtunda. Mwina nchifukwa chake akufota, akuchita manyazi."

"Nanga ine ndizipumira pati?"

"Pakhungwapo. Ndi pofewa ngati mphasa yatsopano."

Nambola adaseka nawo mongodzikakamiza. Mazira oikira pakhungwa louma sakadathandiza kanthu. Tsono adayamba kuikira chakumtunda, pamapesi a masamba. Gulo ankamutsata m'mbuyo, iye akangonyamuka nkupukuta, ati akuchotsa fumbi. Ana atsopano olowa m'matsinde adachepa ndithu. Koma amene adali kale m'kati ankangodyabe, ndipo maungu ena adafota.

"Mawanga," adatero a Nkhanga, "uwauze amuna akowo kuti maungu anga safuna zovala, afuna moyo. Mphasa yawo ndaitulutsa kale pakhonde."

Gulo adaganiza, adaganiza. Kutacha adatulukira atadzipaka phulusa kumaso, atamanga nthenga ya mkazi wake pamutu, m'manja muli kansungwi kakuthwa ndi munga wa mthethe. Adaitana apongozi, mkazi wake ndi Nambola yemwe.

"Mawanga, uwauze amayi kuti agogo anga adali sing'anga wa zomera. Maunguwa alowedwa nthenda. Ndiwatemera mphini."

"Mphini pa dzungu?" adadabwa a Nkhanga.

"Musalole, amayi!" adatero Nambola msangamsanga. "Dzungu likachekedwa limafa!"

"Likachekedwa mopingasa limafadi," adatero Gulo. "Ine nditsata utali wake. Kapena a kapitawo akudziwa chimene chili m'katimo?"

"Ine? Ndidziwa bwanji? Ndine msilikali ine."

"Ndiye imani pomwepo muzilonda, nthenda ingathawe."

Gulo adagwada pa tsinde la kabowo. Adang'amba pang'ono kuyambira pabowopo kutsata utali wa tsinde, nakanula ndi zala, napisa munga. Adakoka chimbozi choyera, chonenepa, chamutu wofiirira, chikuphiriphitha.

"Nayi nthenda!"

Adachiponya m'kamwa. Kwiti!

"Mayo mwa...!" adakuwa Nambola.

"Mwati bwanji, a kapitawo?"

"Ndati... mwakhoza. Mwakhoza kwambiri."

Gulo adatseka bala lija, nalikwirira ndi dothi lonyowa. Adatsata nthambi yoyanga ija, ndipo pamfundo iliyonse ankaunjikapo dothi, kuti pamere mizu yatsopano, mmera uzimwera pamenepo ngakhale tsinde litavulala. Adapita pa dzungu lachiwiri. Kung'amba, kupisa, kukoka, kwiti! Lachitatu, kwiti!

A Nkhanga ankangosuntha pang'onopang'ono, khosi litatalika, diso lili pa munga.

"Mawanga, uwafunse amuna akowo. Nthendayo ikukoma?"

"Uwauze amayi kuti ndi yowawa zedi. Ndikungodzipereka."

"Uwauze kuti dimbali ndi langa, nthenda yakenso ndi yanga. Yotsatira andipatse ine."

Adawapatsa. A Nkhanga adameza, natsinzina, nati, "Ha! Yowawadi. Ina."

Nambola adaima pampanda nkumangoonerera. Anthu atabalalika adazungulira matsinde otsala nkumanong'oneza ana ake. "Thawani pakhomo. Kwerani kutali m'kati mwa nthambi. Musaimbe mpaka mutamva mawu anga."

Tsiku lotsatira Gulo adang'amba pabowo, osapezapo kanthu. Adang'amba pena, mphako yokhayokha. Adaika khutu, zii.

"Mwaona, amayi?" adatero Nambola. "Angokuchekerani maungu onse ngati nkhwani wandiwo."

"Mawanga! Uwauze asiye! Akachekanso pachabe, mphasa ija ndiiponya kumsewu ndekha!"

Gulo adakhala pansi. Mbozi zidalimo, koma nthambi ya dzungu ndi yaitali, ndipo kuing'amba yonse kudali kuipha. Adayesa kung'ung'udza kanyimbo ka Nambola, koma khosi la buluzi silitha kulira ziiii. Mawanga adamuseka ngakhale adali ndi chisoni.

"Mukumveka ngati chule wachimfine. Tili ana tinkapanga malipenga ndi mapesi a nkhwani, ndiwo ankalira ngati mavu."

Gulo adadzambatuka. "Mkazi wanga, bwereza!"

Mawanga adathyola tsamba la nkhwani, nadula tsambalo kusiya phesi lake lamphako, nang'amba pang'ono kunsonga, nauzira. Ziiii!

Gulo adathamangira kwa mlonda. "A kapitawo! Pusi wabwera ndi abale ake, ali kuseri kwa khola! Amayi akuti akufuna aone mmene msilikali amathamangitsira adani!"

Nambola sakadakana pamaso pa a Nkhanga. Adauluka. Atangozimiririka, Gulo adaika lipenga pakamwa naliza kanyimbo kaja. Adalizanso. Kenaka m'kati mwa nthambi mudamveka kamawu kakutsogolera, ena nkuvomera uku ndi uko, kunyadira nyumba yodyedwa ndi mlonda wapakhomo. Gulo ankaliza, Mawanga ankayenda ndi khutu pansi nkumaloza ndi mlomo. "Apa! Apanso! Iyi ikuimba mokweza, ili apa!" Gulo kung'amba, kukoka, kukwirira. Nambola pobwerako, atasowa Pusi, adapeza Gulo mimba ili tantha, akudzipukuta kukamwa.

Apa Nambola adaona kuti zafika pamwana wakana phala. Adapita kwa a Nkhanga misozi ili mbwembwembwe.

"Amayi, ndakhala chete pokulemekezani. Mkamwini wanuyu ndi mfiti. Mbozizi amabwera nazo m'masaya, nkumanamiza kuti wazitulutsa m'dzungu. Akapanda kuchoka lero, ine ndikukaitana asilikali a mfumu yanga, adzaweruze okha."

Mudzi udagwidwa ndi mantha. Adakawatenga a Nkhwali, anthu nasonkhana m'mbali mwa dimba. Gulo ali kudikira kuitanidwa, Mawanga adamukokera pambali.

"Amuna anga, tamuyang'anitsitsani mlondayo. Mavu onse amene ndidawaona ndi oning'a pamimba. Uyu chiuno chake chili ngati mtondo. Ndipo miyendoyo, mavu amakhala ndi ubweya m'miyendo?"

Gulo adayang'ana. Adayang'ananso. "Ukutanthauza kuti..."

"Sindikutanthauza kanthu. Ndangoona chiuno."

"Ukakhala kuti walakwitsa, ndifa ine."

"Ndikakhala kuti ndakhoza, mutsala."

A Nkhwali adakhosomola. "Mkamwini, akuti mbozi umabwera nazo m'masaya. Yankha msanga."

"Malume, ine sindiyankha. Ayankhe maungu."

Padali mmera umodzi pakona umene Gulo adausiya dala osautemera. Adaima pamenepo naliza lipenga lake. Nambola adayesa kukuwa kuti ana akhale chete, koma kulira kwake kudangofanana ndi lipenga lomwelo, ndipo anawo adayesa kuti mayi wawo akuwalimbikitsa. Adaimba ndi mphamvu zawo zonse. Mudzi wonse udamva za nyumba yodyedwa denga ndi khoma, udamvanso kuti mlonda wapakhomo ndi mayi wawo. Adabwereza kawiri, mwina wina sadamve.

Maso onse adatembenukira kwa Nambola.

"Mwana wanga," adatero a Nkhanga pang'onopang'ono, "mlonda wapakhomo pano ndani?"

Nambola adadzitukumula, nauluka mozungulira mitu ya anthu, akulira ziiii mochititsa nthumanzi. Anthu adagwa chafufumimba. A Nkhwali adabisa mutu m'phiko.

"Inde ndi ana anga! Nanga muchita chiyani? Woyamba kusuntha alawa mbola yanga!"

Gulo adasuntha. Adafika pakati pa bwalo, natukula mutu, naonetsa khosi.

"Yambani ndi ine, a kapitawo. Ana anu ndadya ndine. Lumani apa, pofewapa."

"Amuna anga!" adakuwa Mawanga, poti tsopano nayenso adayamba kukayika za chiuno chija.

"Mbola yanga ndi ya pankhondo," adatero Nambola. "Sindiiwonongera abuluzi."

"Ndiye ingondilawitsani kansonga."

"Ndikakuluma ufa!"

"Kuli bwino kufa kusiyana nkupinda mphasa. Lumani!"

Nambola adalibe pothawira. Adatsika ngati muvi, natera pakhosi pa Gulo, napinda mimba yake, nabaya. Anthu adatsinzina. Gulo adatsinzinanso, akudikira moto.

Nambola adabaya, adabayanso. Gulo adatsegula diso limodzi. Kenaka adayamba kuseka, kuseka mpaka kugubuduka pansi.

"Mayo, siyani! Mukundigirigisha! Malume, bwerani mudzaone nkhondo ya a kapitawo!"

Pakhosi pake padalibe chotupa. Padangotsala kafumbi kofiira, konga kamene kamatsala m'zala ukagwira gulugufe.

"Ndi gulugufe!" adakuwa Mawanga. "Gulugufe wovala za mavu!"

A Nkhanga adadzuka, nthenga zonse zitaima. "Ndiye kuti mbola ulibe?" Sadadikire yankho. Adalumpha ndi mlomo patsogolo, kho! Adangotsala ndi kachidutswa ka phiko. Nambola adathawira pamwamba pa nkhokwe, ndipo ali pamenepo adalalata.

"Sekani lero! Ana anga oyamba adakhuta kale, adatuluka m'matsinde, adalowa pansi. Ali m'dothi lanulo, adzikulunga m'zikwa, akugona. Chaka chamawa adzatuluka ndi mapiko, adzaikira mazira pa dzungu lililonse limene mudzadzale. Tidzaonana!"

Adauluka chopendekera, osabweranso.

Gulo adatemera mmera wotsala uja. Maungu okwiriridwa m'mfundo adagwira mizu yatsopano, masamba adadzuka, ndipo ngakhale ena adafa, ambiri adabala. A Nkhanga adakolola maungu aakulu oti mmodzi sanganyamule, nayanika nthanga zodzaza chikho. Mphasa ija idabwerera m'nyumba mwakachetechete. Koma mawu a Nambola ankawasowetsa mtendere.

"Mawanga, uwauze amuna akowo atipule dimba lonse, afukule zikwazo mpaka chotsiriza."

Gulo adayang'ana dimba, adayang'ana khasu, mtima udagwa. Adapita kwa alamu ake kukapempha thandizo. Iwo adangoseka. "Kutipula dimba la amayi ndi ntchito ya mkamwini. Ife tikukonzekera chinamwali."

Gulo adazula mapesi onse a maungu, nawaunjika, nawatentha kuti musatsale kanthu m'kati mwake. Khasu sadalikhudze. Adapita kwa a Nkhwali.

"Malume, ndadutsa pabwalo la gule. Pauma gwa, anthu athyoka zikhadabo. Alendo akanena kuti mbumba ya a Nkhwali idawavinitsa pathanthwe. Koma m'dimba mwa amayi dothi ndi lofewa, ndasesamo kale."

"Mkamwini, nthawi zina umayankhula ngati munthu. Gule akhale m'dimba!"

Tsiku la chinamwali kudabwera nkhanga za m'midzi yonse yozungulira. Maungu adaphikidwa, anthu adadya, mowa udayenda. Gulo adatenga chikho chachikulu chouma, nachivundikira pansi kuti chikhale ng'oma. Adayesa kuomba ndi manja, koma timanja ta buluzi sitimveka patali. Tsono adaomba ndi mutu. Gu! Gu! Gu-gu!

Nyimbo adatenga ya mbozi ija, koma adaitembenuza. Tsopano inkafunsa kuti ogona pansi agona mpaka liti, poti mlonda wapakhomo adathawa ndi phiko limodzi, ndipo ovomera ankayankha kuti tiwadzutse, tiwadzutse. Mawanga adatsogolera, anamwali adalandira, amayi adalulutira.

Inu mukudziwa mmene nkhanga imavinira ikakoledwa ndi ng'oma. Imapalasa! Phazi lamanja pala, lamanzere pala, dothi kumbuyo. Gulo adafulumizitsa ng'oma. Fumbi lidakwera. Alamu aja amene adakana khasu ndiwo adali patsogolo, akupikisana kuti wozamitsa phazi ndani.

Mwadzidzidzi namwali wina adakuwa. "Mtedza! M'dothimu muli mtedza!"

Adatola kanthu kofiirira kokutidwa ndi dothi, nakajompha, maso nkutuzuka. "Si mtedza! Ndi zonona!"

Zidali zikwa za ana a Nambola. Zinkatumphuka paliponse pamene phazi lapalasa. Apa gule adasanduka phwando lachiwiri. Kuvina nkujompha, kujompha nkuvina. A Nkhwali adataya chipanda cha mowa nalowa m'bwalo. A Nkhanga, amene ankati msana sukuwalola kuvina, adakankha adzukulu awo nkumakuwa kuti pakona paja asapalasepo wina, mpawo.

"Mkamwini, usaleke!" adafuula a Nkhwali, kukamwa kuli tho. "Omba! Omba!"

Gulo adaomba. Khosi lidawawa, adaomba. Maso adachita chizumbazumba, adaombabe. Dzuwa popendeka, dimba lonse lidali litatembenuzika kuposa mmene khasu likadachitira, ndipo ngakhale ana adapalasa kufunafuna, chikwa sichidapezekenso.

A Nkhanga adakhala pansi ali wefuwefu. "Mawanga, uwauze amuna akowo kuti chaka chamawa maungu tidzadzala kutsidya kwa khola, muno mudzakhale nyemba. Chikakhala kuti chatsala chikwa chimodzi, chidzadzuke chipeze nyemba. Uwauzenso kuti... iii! Mawanga, mutu wa amuna ako watani?"

Onse adacheuka. Mutu wa Gulo, umene m'mawa udali wotuwa ngati thupi lake lonse, udali utabiriwira ngati thambo chifukwa chomenyetsa pachikho. Ndipo ngakhale ng'oma idali italeka, mutuwo unkangopitabe m'mwamba ndi pansi, m'mwamba ndi pansi.

"Amuna anga, gule watha. Imitsani mutu."

"Ndikuyesa, sukuima!"

Adamuthira madzi ozizira, adamutsuka ndi phulusa, adamumanga khosi ndi luzi. Mtundu sudachoke, mutu sudaime. Gulo adayamba kudandaula kuti aziyenda bwanji pagulu ndi mutu wotere.

Mawanga adamuzungulira, namuyang'ana uku ndi uku, nati, "Musiyeni choncho. Amuna anga, mutuwo wakukhalani. Ndipo tsopano chilichonse chimene ndinganene, muzivomera."

Mudzi wonse udafa nacho chiseko, ndipo Gulo, pofuna kukana, adangogwedeza mutu kuti inde. Ana ake aamuna adabadwa ndi mutu womwewo, adzukulu chimodzimodzi, ndipo mpaka lero mukamuona pamtengo, mutu uli biriwiri, akuombabe ng'oma ya tsiku lija.

Nthano yanga yafika kunsonga, siyanganso. Amene anaika dzungu pamoto akaliphule, lingapserere.